Kulemba manga ya ulendo: momwe mungaumbire loto, ufulu ndi chikoka cha zakutali m'masamba 31

Mutu woyamba wa One Piece, umene unatuluka m'magazini ya Weekly Shonen Jump mu 1997, Eiichiro Oda anaupatsa dzina loti Romance Dawn. Koma mukauwerenga mpaka kumapeto simupezamo aliyense wofunsira mbeta. Chimene anthu a ku Japan amachitcha roman ndi china: ndi mtima uja wosakhazikika, wolakalaka kukaona zimene zili kutsidya kwa nyanja ngakhale mudzi wonse ukunena kuti kulibeko kanthu. Mtima umenewu unalowa kalekale mu manga, nkhani zazithunzi za ku Japan. Shin Takarajima ya Osamu Tezuka ndi Shichima Sakai, ya mu 1947, ndi nkhani ya mnyamata wotsata mapu a chuma. Mu 1977 Leiji Matsumoto anausamutsira kumlengalenga ndi Captain Harlock komanso Galaxy Express 999.

Malangizo ali m'munsiwa ndi a munthu wofuna kulemba ndi kujambula yakeyake. Titenga muyeso wa masamba 31, chifukwa ndi umene mpikisano wa Tezuka Award wa kampani ya Shueisha umafuna pa nkhani yothera pomwepo, ndipo ndi khomo limene ojambula ambiri analowera. Oda mwini anachita bwino pa mpikisanowu mu 1992 ali ndi zaka 17. Chenjezo limodzi: zitsanzo zina zikuulula zochitika m'nkhani zotchukazi.

Loto linenedwe ndi mpweya umodzi

Musanajambule nkhope iliyonse, lembani loto la mpangankhani wamkulu m'chiganizo chimodzi cha mawu osapitirira 10. Likhale chinthu choti munthu angathe kuloza ndi chala n'kunena kuti chachitika kapena sichinachitike. Luffy, mpangankhani wamkulu wa One Piece, akufuna kukhala mfumu ya achifwamba a panyanja. Mnzake Nami akufuna kujambula mapu a dziko lonse. Mnzake wina, Sanji, akufunafuna nyanja yotchedwa All Blue, kumene amati nsomba za nyanja zonse zimapezeka pamodzi. Gon wa mu Hunter x Hunter ya Yoshihiro Togashi, imene inayamba mu 1998, akufuna kupeza bambo ake. Palibe amene akunena kuti akufuna chimwemwe kapena moyo wabwino. Zimenezo sizijambulika, ndipo wowerenga alibe njira yodziwira ngati ulendo wasendera kapena waima.

Kenako liyeseni lotolo ndi funso ili: kodi munthu wanzeru zake atalimva, angaseke? Ngati sangaseke, lachepa. Kufuna kukhala msodzi wolemera kwambiri padoko ndi khumbo labwino, koma palibe wolitsutsa, choncho mulibe roman. Oda anazisonyeza bwino pachilumba cha Jaya. Bellamy ndi gulu lake akuseka Luffy ndi anzake chifukwa chofunsa za chilumba chakumwamba, akumumenya, akumuthira zakumwa, ndipo Luffy akuuza mnzake Zoro kuti asabwezere. Sakubwezera chifukwa nkhonya sizingatsimikizire munthu kuti chilumbacho chilipo. Chotsimikizira ndi kukafikako. Mufunika chochitika chotere m'nkhani yanu, ndipo wosekayo mum'patse mfundo zomveka. Akakhala chitsiru chabe, wowerenga amadziwa kale kuti alakwa, ndiye kuseka kwake sikupweteka.

Chachitatu, lotolo limangirireni pa chinthu chogwirika chimene chizioneka m'zithunzi. Chipewa cha Luffy n'chobwereka kwa Shanks, wachifwamba wa panyanja amene Luffy amamusirira, ndipo pali pangano loti adzachibweze akadzakhala wamkulu panyanja. Zoro amanyamula lupanga la mnzake Kuina amene anamwalira ali mwana. Phindu la chinthu chotere n'lakuti simufunikanso kubwereza mawu. Mdani akachiponda, wowerenga amamva yekha kuti chapondedwa ndi chiyani.

Wina alipire

Apa ndi pamene nkhani zambiri za oyamba kumene zimagwera. Mwana akulengeza loto lake, akumenya nkhondo, akupambana, akunyamuka, ndipo palibe chimene wataya. Wowerenga amatseka buku osakumbuka dzina lake.

M'mutu woyamba womwewo wa One Piece, Shanks akuduka mkono wamanzere populumutsa Luffy ku chilombo cha m'nyanja. Kuchokera pamenepo nyanja sikhalanso masewera, ndipo loto la Luffy lili ndi ngongole. Hiromu Arakawa, mu Fullmetal Alchemist imene inayenda kuyambira 2001 mpaka 2010, anaika nkhani yonse pa lamulo loti chilichonse chimene upeza ulipire chofanana nacho. Ana awiri apachibale akuyesa kuukitsa mayi awo. Edward akutaya mwendo wamanzere, Alphonse akutaya thupi lonse, ndipo Edward akuperekanso mkono wamanja kuti amangirire mzimu wa mng'ono wakeyo m'chovala chachitsulo. Ulendo wawo wonse ndi wofuna kubweza zimene loto loyamba linawalanda.

Sankhani msanga kuti alipire ndani, chifukwa yankho lake limasintha mtundu wa nkhani. Akalipira mwini loto, nkhani imakhala ya kupirira. Akalipira womulera kapena womuphunzitsa, imakhala ya cholowa ndi pangano. Akalipira anthu amene sanavomere, mwalowa kumdima. Kentaro Miura anapita kumeneko mu Berserk: Griffith ali ndi loto lenileni, lofuna ufumu wakewake, ndipo akulikwaniritsa popereka nsembe asilikali ake omwe. Masamba 31 ndi ochepa kuti munyamule mtundu wachitatuwu bwinobwino. Yambani ndi umodzi mwa iwiri yoyambayo.

Mtengowo usabwezedwe kumapeto. Mkono ukaduka, usamerenso pa tsamba 30. Wolemba amamvera chisoni mpangankhani wake n'kumubwezera zonse, osadziwa kuti wafufuta chifukwa chimene wowerenga anakhulupirira lotolo.

Ufulu suoneka popanda goli

Munthu akafuula kuti ndi mfulu ali pabwalo lopanda womuletsa, sizitanthauza kanthu. Jambulani goli kaye, ndipo likhale ndi muyeso. Mu Attack on Titan ya Hajime Isayama, ya 2009 mpaka 2021, anthu akukhala m'kati mwa malinga atatu otalika mamita 50, ndipo buku lonena za kunja n'loletsedwa. Kwa Nami, goli ndi ndalama zokwana 100 miliyoni zimene Arlong, mkulu wa achifwamba amene analanda mudziwo, anamuuza kuti asonkhe ngati akufuna kuwombola mudzi wake, ndi chizindikiro cha gulu la Arlong chodindidwa paphewa lake. Wasonkha zaka 8, kwatsala pang'ono, ndiye Arlong akutuma msilikali wakatangale kuti akalande zonse. Mu Vinland Saga ya Makoto Yukimura, Thorfinn ndi kapolo pafamu ina ku Denmark, ndipo ufulu wake ndi wa mnzake Einar ukuyezedwa ndi nkhalango imene ayenera kugwetsa kuti pakhale munda. Nambala, khoma, chizindikiro, malire a munda: zonsezi wowerenga amaziona n'kumawerengera yekha kuti kwatsala pati.

M'nkhani yaifupi, njira yodalirika ndi kugawa mbali ziwirizi kwa anthu awiri. Mmodzi ndi mfulu kale mumtima, winayo ndi womangidwa. Womasukayo asalalikire. Aonetse ufulu wake posankha zoti zimukwiyitse ndi zoti azisiye. Shanks akuthiridwa mowa ndi mkulu wa achifwamba a kumapiri, iye n'kungoseka, n'kuyamba kutola magalasi osweka. Koma mkulu yemweyo atagwira Luffy, Shanks akusintha nkhope. Ndi zochitika ziwiri zokha, ndipo zatiuza zonse za munthuyu.

Womangidwayo ndi amene ayenera kupempha kapena kusankha yekha. Luffy sakulowerera nkhani ya Nami mpaka Nami atapempha thandizo ndi pakamwa pake. Mukalola ngwazi kumasula munthu amene sanafune, mwangomusinthira bwana.

Dziwaninso kuti ufulu ungathe kuwawa, ndipo nkhani zabwino siziopa zimenezo. Eren wa mu Attack on Titan ndi anzake atafika kunyanja imene ankailota kuyambira ali ana, ena akusewera m'madzi, koma iye akuloza kutsidya n'kumaganiza za adani amene ali kumeneko. Tetsuro wa mu Galaxy Express 999 akukwera sitima kukafuna thupi lamakina losafa, koma zimene akuona m'njira zikumuchititsa kukayikira ngati akulifunadi. Kusintha kotere kumafuna kalosera koyambirira: bokosi la chithunzi limodzi kapena awiri amene wowerenga adzawakumbukira.

Musaulule zimene zili kumapeto kwa mapu

Chikoka cha zakutali chimakhala ndi moyo malinga ngati pali chosadziwika. Chili ngati fungo la nyama yowotcha kwa anansi: limakoka chifukwa simunaione mbale. Usopp, mnzake wa Luffy, atafunsa Rayleigh, munthu amene anafika kumapeto kwa ulendowo, ngati chuma chotchedwa One Piece chilikodi, Luffy anakalipa n'kukana kumva yankho, ati ulendo wodziwa kale mathero ake saufuna. Wolemba naye achite chimodzimodzi. Lembani tsamba limodzi lofotokoza zoona zake za malo akutaliwo, mulisunge m'kabati, ndipo m'nkhani muikemo mphekesera ziwiri zotsutsana ndi umboni umodzi wogwirika: nthenga ya mbalame yosadziwika, ndalama ya dziko limene palibe analimvapo, munthu wobwerako atasokonezeka mutu. Umboni ukapanda kukhalapo, wolota amaoneka wamisala basi. Ukachuluka, osekawo ndi amene amaoneka amisala.

Patsaninso ulendowo lamulo limodzi loyendetsa. Mu Dragon Ball ya Akira Toriyama, imene inayamba mu 1984, mipira ilipo 7, ndipo ikagwiritsidwa ntchito imamwazika n'kusanduka miyala kwa chaka. Mu One Piece, kachipangizo kolozera njira kotchedwa Log Pose kamafuna kuti sitima ikhalitse pachilumba kaye kasanaloze chotsatira, ndiye nkhani ya pachilumbapo imapeza mpata. Mu Made in Abyss ya Akihito Tsukushi, kutsika m'dzenje n'kotheka, koma kukwera kumadwalitsa, ndipo ukatsika kwambiri kubwerera kumatanthauza imfa kapena kusiya kukhala munthu. Lamulo limodzi lotere limaposa masamba 10 ofotokoza mbiri ya dziko. Oyamba kumene amakonda kutsegula ndi mafumu akale, nkhondo zakale ndi mayina a zigawo. Wowerenga sanakonde munthu aliyense m'nkhanimo, ndiye mayinawo amangodutsa.

Za anzake a paulendo tinene mwachidule, chifukwa m'masamba 31 mulibe malo a gulu. Mmodzi akwanira, ndipo akhale ndi loto lakelake losadalira la ngwazi. Pa mutu 100 wa One Piece, asanalowe m'nyanja ya Grand Line, anthu asanu akuika miyendo pa mgolo umodzi, aliyense n'kutchula lake. Sitima ndi imodzi, maloto ndi asanu. Mnzake amene loto lake ndi kungothandiza ngwazi ndi wantchito.

Kugawa masamba

Titenge chitsanzo chongopeka. Mtsikana wosoka matanga akukhala pachilumba pomwe mkulu wa doko amadula mlongoti uliwonse wopitirira msinkhu wa anthu awiri, kuti bwato lisathe kudutsa miyala yozungulira chilumbacho. Loto lake ndi kukaona kumene mbalame zoyera zimapita nyengo yozizira. Lamulo likuti wodutsa miyalayo sabwereranso.

Tsamba 1 likhale ndi chithunzi chofunsitsa funso: macheka akudya mlongoti, mbalame zikudutsa pamwamba. Masamba 2 ndi 3 akhale chithunzi chimodzi chachikulu chokhala ndi dzina la nkhani. Pofika tsamba 8 loto likhale litanenedwa ndi kusekedwa. Mukachedwa kuposa pamenepo, wowerenga wadutsa gawo limodzi mwa magawo anayi a nkhani osadziwa chimene akudikira. Masamba 9 mpaka 15 ndi a goli ndi munthu womangidwa, tinene mwana wa mkulu wa dokoyo amene amatumidwa kukadula milongoti koma amabisa nthenga m'thumba. Ngati mukufuna kubwerera m'mbuyo kukaonetsa zakale, chitani kamodzi kokha, masamba awiri kapena atatu, ndipo mudetse mipata ya pakati pa mabokosi kuti wowerenga adziwe kuti nthawi yasintha. Masamba 16 mpaka 21 ndi pamene zinthu zikutembenuka: tanga lobisika lapezeka, latenthedwa, ndipo mtsikana ayenera kusoka lina ndi nsalu zimene mayi ake anamusiyira. Pampondachimera pakhale pakati pa 22 ndi 27, ndi chithunzi chachikulu cha masamba awiri pa 26 ndi 27. Masamba anayi otsalawo ndi a kunyamuka. Musawaonetse akufika. Nkhaniyi ndi ya kudutsa miyala, ndipo kumene mbalame zimapita kukhale m'kabati muja.

Ojambula a ku Japan amagawa nkhani panayi, ki, sho, ten ndi ketsu, ndiko kuti chiyambi, kukula, kutembenuka ndi mathero. Vuto lofala ndi chiyambi chonenepa. Mukaona kuti chadya masamba oposa 10, chotsani mpangankhani mmodzi, osati kupanikiza mabokosi.

Nemu ndi potembenuzira tsamba

Musakhudze pepala labwino musanapange nemu. Imeneyi ndi nkhani yonse yojambulidwa mwachangu ndi pensulo, anthu ali timitengo ndi timizere, koma mabokosi ndi mawu onse ali m'malo mwake. Ndi imene mkonzi wa magazini amawerenga n'kubweza kuti ikonzedwe. Pindani mapepala a A4 pakati kuti muziona masamba awiriawiri monga adzaonekere m'buku. Mapepala 8 opindidwa amapereka masamba 32.

Manga ya ku Japan imawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo tsamba 1 limakhala kumanzere. Mukalemba m'Chichewa, ndi bwino kuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, chifukwa mawu athu amayenda choncho ndipo diso silimenyana ndi zithunzi. Mbali iliyonse imene mungasankhe, lamulo ili silisintha: wowerenga amatembenuza pepala akamaliza tsamba la nambala yosagawika pawiri. Choncho bokosi lomaliza la masamba 5, 7, 9 ndi otero lisiye munthu m'malere, ndipo chodabwitsa chikhale pamwamba pa tsamba lotsatira. Mukaika chodabwitsa pa tsamba 13, diso limachiona kale pamene munthu akuwerenga tsamba 12. Pa chifukwa chomwecho, chithunzi cha masamba awiri chimayambira pa nambala yogawika pawiri. Mukawonjezera kapena kuchotsa tsamba limodzi pakati, zonse za kutsogolo zimasokonekera, ndiye sinthani awiriawiri.

Mabokosi akhale 5 mpaka 7 pa tsamba wamba. Kukula kwa bokosi ndiko kumauza wowerenga kulemera kwa chinthu. Pamene loto likunenedwa koyamba, lipatseni theka la tsamba, nkhope ioneke bwino, kumbuyo kukhale kopanda zambiri. Goli lijambuleni ndi mabokosi ang'onoang'ono, othinana, okhala ndi mizere yoimirira ngati zitseko, mipanda ndi milongoti yodulidwa. Mukafika pa ufulu, chotsani malire: chithunzi chisefukire mpaka m'mphepete mwa pepala, mzere wa nyanja utsike, thambo litenge magawo awiri mwa atatu. Koma zithunzi zosefukira zikakhala pa tsamba lililonse, cha pa 26 sichidzamveka. Zisungeni, zisapitirire zinayi kapena zisanu m'nkhani yonse.

Nemu ikatha, ipatseni munthu amene simunamufotokozerepo nkhaniyo, ndipo mukhale chete pamene akuwerenga. Akamaliza mufunseni kuti mtsikanayo akufuna chiyani, chikumuletsa n'chiyani, ndipo wataya chiyani. Akalephera funso loyamba, konzani masamba 4 mpaka 8. Akalephera lachiwiri, goli lilibe muyeso. Akalephera lachitatu, mtengo mwaunena ndi mawu koma simunaujambule. Yang'ananinso pamene wabwerera m'mbuyo kukawerenganso: pamenepo dongosolo la mabokosi lasokoneza diso. Kawirikawiri chochititsa ndi mipata yofanana. Mpata wa pakati pa mizere ya mabokosi, wopingasa, ukhale waukulu, mamilimita 5 mpaka 8, ndipo wa pakati pa mabokosi oyandikana ukhale mamilimita 2 kapena 3.

Pepala, inki ndi mawu

Pepala la akatswiri ndi B4, mamilimita 257 m'lifupi ndi 364 m'litali. Podulira pake ndi 220 ndi 310, ndipo bokosi lam'kati, momwe mawu ndi nkhope zofunika ziyenera kukhala, ndi 180 ndi 270. B4 ikavuta kupeza, gwiritsani A4 yokhuthala, ndipo bokosi lam'kati likhale 150 ndi 220. Chilichonse chotuluka kunja kwa bokosili chingathe kudulidwa kapena kumezedwa ndi msoko wa buku. Pa chithunzi cha masamba awiri, musaike nkhope kapena mawu pakatikati.

Cholembera chotchedwa G-pen chimanenepetsa ndi kuchepetsa mzere malinga ndi momwe mwasindikizira, ndiye n'choyenera anthu. Maru-pen ndi ya mizere yopyapyala ya tsitsi, mafunde ndi zakutali. Nsonga yatsopano imabwera ndi mafuta otetezera dzimbiri, ndipo inki imakana kugwira mpaka mutaipukuta. Dikirani inki iume kwenikweni musanafufute pensulo, apo ayi mzere umapakika. Ngati mukujambula pa foni kapena kompyuta ndi ibisPaint, MediBang Paint kapena Clip Studio Paint, ikani 600 dpi (madontho 600 pa inchi imodzi) pa zakuda ndi zoyera. Timadontho ta mthunzi, timene amatitcha toni, timabala mawanga osafunika mukasintha kukula kwa chithunzi mutatiika kale, kapena mukasanjikiza mitundu iwiri yosiyana kuthinana. Malizani kukonza kukula kwa tsamba kaye, toni ibwere pomaliza.

Mabaluni a mawu mu manga ya ku Japan ndi aatali chifukwa zilembo zawo zimatsika pansi. Mukakopera maonekedwe amenewo, liwu ngati "sindidzabwereranso" lidzaduka katatu. Jambulani mabaluni otambalala m'mbali, lembani mawu kaye kenako muzunguze baluni, ndipo baluni imodzi isapitirire mizere itatu kapena mawu 12. Chiganizo cha loto chikhale chokha m'baluni yake, ndi zilembo zokulirapo kuposa zina zonse za pa tsambalo.